Usiku, kumunsi kwa Khwekhwerere, Khonsolo ndinu

Kalata imene ndikuyankha lero yachokera m'chigwa cha kunyanja m'boma la Dedza, komwe msewu wa M5 umadutsa pa Mtakataka, Mua ndi Golomoti. Wolemba ndi namwino mzamba amene sanathe chaka pa ntchito. Dzina lake ndi la chipatala chake ndasunga. Akuti amagwira ntchito ndi mayi wina wamkulu, woti anayamba unamwino iye asanabadwe. Mayiyu ndi amene anamulandira, kumupezera nyumba, ngakhale kumubwereka mbaula ndi mapoto malipiro oyamba asanatuluke. Koma usiku, mayi wapakati akabwera matenda atayamba, samuyeza monga mwa ndondomeko. Amangomuonetsa bedi, iye n'kukagona, atauza wothandiza m'wodi kuti amudzutse mutu wa mwana ukaonekera. Mayi uja akachira, ndi pamene mzamba wamkuluyo amakhala pansi n'kudzaza patogirafu yonse nthawi imodzi: kugunda kwa mtima wa mwana, BP, kutseguka kwa njira, zonse mwaudongo ngati zinayezedwadi. Wolembayo akufunsa ngati iye, mwana wa dzulodzuloli, ali ndi pakamwa polankhulira nkhani yotere, kapena ndi ya a DNO, mkulu wa anamwino pa boma, ndi a Khonsolo ya anamwino.

Mwana wanga, nkhaniyi ndi yanu. Inakhala yanu tsiku limene dzina lanu linalowa m'kaundula wa anamwino, ndipo ndikufuna mumvetse chifukwa chake tisanafike pa mmene mungaiyendetsere.

Ntchito zambiri m'dziko muno amaziyang'anira ndi olemba ntchito. Bwana akakhutira, zatha. Unamwino suli choncho. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi m'chaka cha 1966, ndipo lamulo limene Khonsoloyi ikugwiritsa ntchito linakonzedwanso mu 1995. Khonsolo ndi imene imavomereza sukulu zophunzitsa unamwino, kuyambira ku KUHeS mpaka makoleji a mishoni monga Nkhoma ndi Nguludi. Ndi imene inakulembetsani mayeso aja mutamaliza kale a kusukulu. Imasunga kaundula, imapereka laisensi, imaika malire a zimene namwino wa mlingo uliwonse angachite, ndipo imamva madandaulo. Ikhoza kuchenjeza munthu, kumuimitsa, kapena kumuchotsa m'kaundula. Ndipo amene amaunika milandu imeneyi mwa ukadaulo ndi anamwino ndi azamba anzathu.

Ganizirani chimene dziko linachita pamenepo. Linavomereza kuti mlimi wa kwa Kachindamoto, wapolisi wa pa sukulu ya apolisi ya Mtakataka, ngakhale phungu wa ku Nyumba ya Malamulo, sangathe kuyang'ana patogirafu n'kudziwa ngati mzamba wagwira bwino ntchito. Choncho linatiuza kuti tidziyang'anire tokha, popeza ndife odziwa. Ndi ulemu waukulu, ndipo m'mayiko ena anamwino anachita kuumenyera nkhondo zaka zambiri: New Zealand inayamba kulemba anamwino m'kaundula mu 1901, Britain inadikira mpaka 1919. Koma ulemuwu uli ndi ngongole yake. Anthu anatisiyira chikwapu pokhulupirira kuti tidzachigwiritsa ntchito pa ife eni. Tikamachisunga pansi pa bedi chifukwa wolakwayo ndi mnzathu, ndiye kuti mayi wogona pa bedi lija alibe womuteteza aliyense, pakuti iye sadziwa kuti mtima wa mwana wake umayenera kumvetseredwa theka lililonse la ola.

N'chifukwa chake ndimauza ana anga a pa ntchito kuti muli ndi mabwana awiri. Wina ndi amene amakulipirani, kaya boma kaya chipatala cha mishoni cha pansi pa CHAM. Winayo ndi laisensi imene ili m'chikwama mwanu. Woyambayo akhoza kukusamutsani. Wachiwiriyo amakutsatani kulikonse, ndipo pamaso pake mawu oti "ndinangochita zimene anandiuza akuluakulu" sakuombolani.

Tsono Khonsolo ili ku Lilongwe. Siidzabwera 2 koloko usiku kudzaona ngati wina wamvetsera mtima wa mwana. A DNO ali pa boma, pamwamba pa mapiri, ndipo akabwera kudzayendera amaona mapepala, omwe kwanuko ndi audongo kwambiri. Amene akuona zenizeni ndinu, wothandiza m'wodi uja, ndi gadiyani amene wakhala pakhonde ndi chitenje ndi beseni. Mwa atatunu, wodziwa tanthauzo la zimene zikuchitika komanso womangidwa ndi lumbiro ndinu nokha.

Ndikhalitse pang'ono pa patogirafu, chifukwa ambiri amaiona ngati fomu yokondweretsa oyendera. Pepala limeneli analikonza ndi madokotala awiri, Philpott ndi Castle, ku Harare kuno kwathu konkuno kummwera kwa Africa, n'kulifalitsa mu 1972. Analikonzera azamba a zipatala zakutali ndi fiyeta, kuti adziwe msanga nthawi yotumiza mayi kuchipatala chachikulu. Pakati pa mzere wochenjeza ndi mzere wochitapo kanthu pali maola anayi, ndipo maola amenewa ndi a ulendo. Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti maola anayi amatha bwanji kwanuko. Muimbe foni, ambulansi ipezeke kuti ilipo ndipo ili ndi mafuta, ifike kwa inu, achibale agwirizane. Kenako mayi apite ku Mua, kapena akwere Khwekhwerere ndi makona ake onse mpaka kukatulukira pa Masasa n'kulowera ku Dedza. Nthawi ya dzinja, mitsinje yotsika m'mapiri ikadzaza, ngakhale kufika pa msewu wa tala kumakhala nkhani. Mzamba wa mu mzinda akachedwa kuzindikira vuto, fiyeta ili pa khomo lachiwiri. Inu mukachedwa, mwabera mayi maola amene akanamufikitsa kwa dokotala chiberekero chisanang'ambike.

Pepala lodzazidwa mwana atabadwa kale silichenjeza munthu. Choipitsitsa n'chakuti limanamiza amene adzabwere kudzafufuza. Pakachitika imfa ya mayi kapena ya khanda, komiti younika imfa za uchembere imatenga fayilo kuti ione pamene zinthu zinapotokera. Ikapeza manambala okongola, imaganiza kuti vuto linagwa mwadzidzidzi, ndipo palibe chimene chimasintha. Mayi wotsatira amadzagona pa bedi lomwelo. Dziko lathu linatsitsa imfa za amayi kuchoka pa 984 mwa ana 100,000 obadwa amoyo m'kafukufuku wa 2004 kufika pa 439 m'kafukufuku wa 2015 mpaka 2016. Mbali ina ya ntchito imeneyi inali kuuza amayi kuti asiye kuchirira kwa azamba a m'midzi, abwere kuchipatala. Mafumu anaika ndi zindapusa zomwe. Amayi anamvera, anabwera, ena amagona kuchidikiro milungu ingapo atasiya minda ndi ana. Ngati afika kwa ife n'kuchira okha pa bedi, wowamvetsera palibe, tawachotseranji kumudzi?

Ndikuuzeni za ine. Ndili wamng'ono ngati inu, pa chipatala china chimene sinditchula, ndinagwira usana wonse ndi usiku womwe chifukwa mnzanga anali kumaliro. Chakum'bandakucha ndinalemba BP ya mayi wina wa mimba yoyamba osamuyeza. Ndinangotengera ya madzulo, chifukwa amaoneka bwino ndipo maso anga anali olemera. Asanakwane maola awiri anayamba kukomoka ndi kugwedezeka. Anapulumuka, koma mwana sanapulumuke. Palibe amene anadziwa za nambala ija kupatula sisitala wamkulu amene anayang'ana fayilo, n'kundiyang'ana ine, n'kundiitanira m'chipinda chosungira mankhwala. Sanandikalipire. Anandifunsa funso limodzi, ngati ndinamangadi lamba pa mkono wa mayiyo. Ndinalira, ndinavomera, ndipo anandiuza kuti ndikalembe zoona mu lipoti ndi dzanja langa. Sindidziwa ngati kuyeza kukanapulumutsa mwanayo. Chimene ndidziwa n'chakuti ndinataya mpata wodziwira msanga, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinalembenso nambala imene sindinaione. Sisitala uja akanangotseka fayilo pondimvera chisoni, bwenzi nditazolowera.

Choncho sindikulankhula za mayi anuwo ngati chilombo. Ndikuganiza kuti ndi munthu wotopa. Anagwira ntchito zaka zimene anamwino ambiri ankachoka kupita ku Britain, mpaka boma linachita kuwonjezera malipiro ndi 52 peresenti pakati pa zaka za m'ma 2000 kuti otsalawo akhazikike. Mwina wakhala zaka zambiri ali yekha kapena awiri pa chipatala chimene chimafuna anthu asanu. M'mawa sikelo ya amayi, masana ana a malungo atadzaza pakhonde, madzulo olera, usiku mateneti, ndipo kutentha kwa Okutobala m'chigwamo kumafoola ndi wachinyamata yemwe. Munthu wotere amayamba kudula njira pang'onopang'ono, ndipo amayi ambiri akamachira bwinobwino amafika pokhulupirira kuti dzanja lake limadziwa kuposa pepala. Kumvetsa zimenezi kukuthandizani kusankha mawu. Sikusintha kuti chizolowezicho chiyenera kutha.

Yambani ndi dzanja lanu. Pa nthawi yanu ya ntchito, yezani ndi kulemba pompo, ndi nthawi yeniyeni. Mukalephera kuyeza chifukwa munali ndi mayi wina amene akutaya magazi, siyani malowo opanda kanthu n'kulemba m'mbali chifukwa chake. Mukakumbukira chinthu mochedwa, lembani kuti mwalemba mochedwa, ndi nthawi yake, n'kusaina. Mpata woona pa fayilo umakutetezani kuposa nambala yopeka. Ndipo musasaine pa chimene simunaone, kaya ndi patogirafu ya mnzanu, kaya ndi buku la mankhwala. Akakupatsani cholembera n'kunena kuti ndi mwambo chabe, yankhani mofatsa kuti mukufuna muwerenge kaye limodzi.

Kenako lankhulani nawo, awiriwiri. Osati m'wodi, osati pamaso pa wothandiza kapena mlonda, ndiponso osati m'mawa akungochoka pa usiku. Pitani kwawo madzulo monga mumapitira kukatenga moto. Kwathu kuno mwana saloza wamkulu chala, ndipo sindikukuuzani kuti muiwale mwambo. Mwambo womwewo uli ndi njira zake zouzira wamkulu zoona. Munganene kuti: "Amayi, inu ndi amene mwandilera pa ntchito pano, n'chifukwa chake ndabwera kwa inu osati kwina. Pali chinthu chikundisowetsa tulo. Mapatogirafu athu tikumadzaza amayi atachira kale. Ndikuopa kuti tsiku lina tidzataya munthu, ndipo tonse awiri tidzaitanidwa ku Khonsolo." Nenani kuti "athu" ndi "tonse", pakuti ndi zoona: mukudziwa, ndiye muli momo. Bwerani ndi chopereka m'manja, osati chidzudzulo chokha. Mwina usiku umene kuli amayi oposa mmodzi mudzidzutsana. Mwina mugawane usiku pakati, kuti aliyense agone maola ake mosadukiza. Akhoza kukwiya tsiku loyamba, n'kukufunsani kuti mwabadwitsa ana angati. Musabweze. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ndaona anthu ambiri okalipa madzulo akusintha mwakachetechete sabata yotsatira.

Nkhani ya wothandiza m'wodi muitchulenso, chifukwa pamenepo pali ngozi ina. Iye saphunzitsidwa kuzindikira kuti mtima wa mwana watsika kapena kuti madzi asanduka obiriwira. Mukhoza kumutuma kuti akuitaneni, akutengereni zipangizo, akhale pafupi ndi mayi kumulimbikitsa. Simungamusiyire kuyang'anira matenda. Ntchito mukaipereka kwa wina, mlandu wake umatsala ndi inu. N'chimodzimodzi pamene inuyo mwapemphedwa kuchita zoposa mlingo wanu chifukwa kiliniko ofisala kulibe. Chitani zimene munaphunzira ndipo malamulo a ntchito amakulolani, monga kupereka magineziyamu safeti kwa mayi wokomoka musanamutumize, koma musayese zimene simunaphunzire pofuna kuoneka wolimba mtima.

Mukaona kuti papita milungu iwiri kapena itatu osasintha, kwerani. Uzani woyang'anira chipatala chanu. Ngati woyang'anirayo ndi mayi omwewo, pitani kwa woona za uchembere wabwino pa boma kapena kwa a DNO, ndipo ngati chipatala chanu ndi cha mishoni, kwa a matironi. Auzeni mayiwo kuti mukupita, asamve kwa ena. Lembani zimene munaona ndi maso anu, masiku ndi nthawi, popanda mawu onyoza ndiponso popanda zomva kwa anthu. Sungani kope lanu, koma musatulutse fayilo ya wodwala kunja kwa chipatala kapena kuijambula pa foni. Njira zonsezi zikatsekeka, Khonsolo imalandira dandaulo kuchokera kwa namwino monga imalandirira kwa wodwala, ndipo odwala nawonso ali ndi ombudsman wa chipatala amene angamudandaulire. Koma pali pamene simudikira masitepe onsewa. Mukapeza mayi ali pa ngozi tsopano lino, lowanipo, yezani, itanani ambulansi, ngakhale si nthawi yanu ya ntchito ndipo ngakhale wamkulu akhumudwe. Za ulemu mudzakonza m'mawa.

Sindikubisirani kuti zikhoza kukupwetekani. Pa malo ang'ono ngati amenewo mumatunga pa mjigo umodzi ndipo mwina mumapemphera tchalitchi chimodzi. Ena adzakutchulani kazitape, ena adzati sukulu yakulowani m'mutu. Lowani m'bungwe la anamwino la NONM ngati simunalowe, ndipo dziwani kusiyana kwake ndi Khonsolo. Khonsolo inakhazikitsidwa kuti iteteze wodwala, ngakhale kwa inu amene. NONM ndi imene imaima ndi inu pa za malipiro, malo ogwirira ntchito, ndi pamene mwachitiridwa nkhanza chifukwa cholankhula. Namwino amafunika zonse ziwiri.

Kudziyang'anira kumeneku kumaloza ndi kumwamba komwe. Ngati muli awiri pa ntchito ya anthu asanu, lembani zimenezo mwezi ndi mwezi mu lipoti, ndipo muzitchule pa msonkhano wa komiti ya chipatala pomwe pali mafumu ndi oimira anthu. Ngati makina a BP anafa, lembani tsiku limene munapempha ena. Ngati firiji yazima ndipo okisitosini wakhala pa kutentha kwa m'chigwamo, nenani, chifukwa mankhwala amenewa amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo akafooka mayi amataya magazi inu mukuganiza kuti mwamubaya. Patogirafu yopeka imauza akuluakulu kuti anamwino awiri akukwanitsa. Mipata yoona, yolembedwa chifukwa chake, ndi umboni umene a DNO angapite nawo kukapempha namwino wachitatu.

Za laisensi ndingodutsapo, poti mukuzidziwa. Ikonzeni chaka chilichonse nthawi isanathe, ndipo mapointi a maphunziro owonjezera (CPD) muwapeze pophunziradi. Kusainirana mabuku a CPD pa maphunziro amene sanachitike ndi matenda omwewo a patogirafu. Simufunika kudikira semina ya ku hotela ya ku Salima. Ola limodzi Lachisanu masana, inu, mayiwo ndi alangizi a zaumoyo (a HSA), kubwereza kutsitsimutsa khanda pa chidole kapena kukambirana fayilo imodzi yovuta, ndi maphunziro enieni. Apempheni mayiwo kuti aphunzitse gawo loyamba. Munthu wa zaka zochuluka chotere pa mateneti ali ndi zambiri m'manja mwake zimene inu simunazione, ndipo wophunzitsa ena patogirafu amavutika kuipeka usiku wake.

Chomaliza chimene ndikuchenjezeni ndi pakamwa. Nkhaniyi isafike pa msika wa Golomoti, kapena pa gulu la WhatsApp la anzanu a kukoleji. Mukaifalitsa, mwaononga dzina la munthu musanamupatse mpata wosintha, ndipo mwaopseza amayi a m'midzi kuti abwerere kukachirira kunyumba. Chinsinsi cha odwala nachonso chimavuta kusunga kumene aliyense ndi mbale wa wina. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto anadziwika dziko lonse pothetsa maukwati a ana m'dera lomwelo, ndipo inu mudzalandira atsikana a zaka 15 ali ndi pakati, operekezedwa ndi azakhali amene mumagula nawo usipa. Zimene mwamva m'chipinda choyezera zipite kwa okhawo amene lamulo ndi ntchito zikuti adziwe, monga a zachitetezo cha ana, osati kwa oyandikana nawo nyumba.

Chigwa chimenecho chinaona unamwino kalekale. Mishoni ya Mua inayamba mu 1902, ndipo patapita zaka kunatsegulidwa malo osamalira odwala khate pa nthawi imene anthu ankawathawa. Amene ankatsuka mabala amenewo analibe woyendera wochokera ku likulu. Inu muli ndi mabuku a ndondomeko, foni, ndi Khonsolo kumbuyo kwanu, zimene iwo analibe.

Usiku wanu wotsatira, ikani wotchi ya pa foni kuti izilira theka lililonse la ola mayi akangolowa m'matenda enieni. Tengani fetosikopu, mvetserani mphindi yathunthu, lembani musanachoke pa bedi. Ndipo sabata ino isanathe, gulani kabotolo ka sobo, mupite kwa mayi aja dzuwa litapepa. Mukandilemberenso mmene zayendera.